Mwana Akatsika Kumbuyo

Palibe tsiku lokondweretsa pakhomo ngati limene mwana aimirira yekha, nataya dzanja la amake, naponya phazi loyamba. Agogo amaomba m'manja, azakhali amaimba nthungululu, ndipo bambo akabwera madzulo amauzidwa nkhaniyo asanakhale nkomwe pansi. Chimwemwe chotere nchoyenera, pakuti mwana woyenda ndi mwana amene wapyola miyezi yovuta ya ukhanda. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope. Tsiku lomwelo ntchito yolera imasintha, ndipo nkhani ya lero ili pa kusintha kumeneku: moyo wa mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka zitatu, pakhomo ndi pa ulendo.

Pamene mwana adali wakhanda, malo ake adali pamsana pa amake. Kumene mayi apita iyenso ali komweko, chakudya chake chili pafupi, chaukhondo ndi chokwanira, ndipo moto, madzi ndi msewu sizimufikira. Mbereko idali mpanda wake. Akatsika kumbuyo, mpanda uja wagwa. Tsono chodabwitsa nchakuti nthawi yomweyi ndiyo imene a pakhomo amayamba kutayirira. Amati mwana wakula. Mayi amabwerera ku ntchito zake zonse za kumunda, kumsika kapena ku ofesi, mwinanso ali kale ndi pathupi pena. Ulendo wa kusikelo umayamba kudumphidwa, ndipo mwana amasiyidwa m'manja mwa mkulu wake amene iyenso akali mwana. Chikhalirecho msinkhu umenewu umafuna maso ochuluka kuposa ukhanda.

Kuti izi zimveke bwino, mpofunika kudziwa mmene mwana wa msinkhu uwu aliri. Ana ambiri amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 9 ndi 18. Miyendo imafulumira kukhwima, koma nzeru yozindikira choopsa imabwera mochedwa zedi. Mutu wake ngwaukulu ndi wolemera poyerekeza ndi thupi, kotero kuti akawerama kusuzumira m'ndowa amagweramo chamutu, ndipo manja ake alibe mphamvu yoti adzikokere kunja. Chilichonse chachilendo amachiyesa ndi pakamwa, pakuti ndiyo njira yake yophunzirira. Akauzidwa kuti asakhudze chinthu amamva ndithu nabweza dzanja, koma pakapita kamphindi waiwala, chifukwa mbali ya ubongo imene imathandiza munthu kudziletsa ikali yosakhwima. Umenewu si mwano. Motero kukalipa ndi kukwapula sikungateteze mwana wa zaka ziwiri. Zomuteteza zilipo ziwiri: malo okonzedwa bwino, ndi munthu wamkulu amene akudziwa kuti pa nthawi imeneyo mwanayo ali m'manja mwake.

Pakhomo pali adani atatu odziwika, ndipo woyamba ndi moto. M'makomo ambiri amaphikira pansi, pa mafuwa kapena pa mbaula, ndiye kuti mphika wa phala lowira uli pa msinkhu weniweni wa dzanja la mwana. Mwa odwala amene amagonekedwa m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe chifukwa cha kupsa, ambiri ndi ana, ndipo kawirikawiri chowaotcha chimakhala madzi otentha, phala, tiyi kapena ndiwo zowira. Ngozizi zimachuluka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi pamene mabanja amaothera moto m'nyumba. Khungu la mwana nlopyapyala, motero madzi amene angangofiiritsa dzanja la munthu wamkulu amamusiyira iye bala lakuya. Pophikira pafunika kampanda ka nsungwi kapena ka njerwa. Pokonza madzi osamba, ozizira azithiridwa poyamba m'beseni, otentha pambuyo. Phulusa lochokera pa mbaula lizizimitsidwa ndi madzi lisanatayidwe, ndipo kandulo kapena koloboyi asasiyidwe m'chipinda chimene mwana wagonamo yekha.

Ngozi ikachitika, chithandizo choyamba ndi madzi ozizira aukhondo, othiridwa pa balalo kwa mphindi 20. Madziwo amachotsa kutentha kumene kukupitiriza kuononga mnofu mkati. Dzira, mafuta, mchere, dothi kapena mankhwala otsukira mano zisapakidwe pa bala, pakuti zimalowetsa tizilombo ndipo zimavutitsa a chipatala potsuka. Matuza asaphulitsidwe. Balalo lifundidwe ndi nsalu yoyera, mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Mdani wachiwiri ndi madzi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti mwa anthu a misinkhu yonse, ana a chaka chimodzi kufikira zaka zinayi ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu cha kumira. Makolo a ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, ndi okhala m'mbali mwa Shire kapena nyanja ya Chilwa, amadziwa kuopa madzi aakulu. Koma kamwana kotere sikafuna nyanja kuti kamire. Ndowa ya madzi ochapira, beseni loiwalika pabwalo, chitsime chosavundikira cha kudimba, ngalande ya m'tauni, ndi maenje amene adakumbidwa poumba njerwa nadzaza madzi m'dzinja, zonsezi nzokwanira. Chinanso choopsa nchakuti mwana womira salira ndipo sakuwa. Pakamwa pake pali m'madzi, ndipo m'mphindi zochepa zonse zatha anthu ali chapafupi pomwepo. Nchifukwa chake ndowa iyenera kukhuthulidwa ndi kuvundikiridwa ntchito ikangotha, chitsime chikhale ndi chotsekera cholemera, chimbudzi chokumba chikhale ndi chitseko ndi chivundikiro, ndipo maenje a njerwa akwiriridwe mvula isanayambe.

Mdani wachitatu ndi zonse zimene mwana angameze. Palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi amaoneka ngati madzi kwa mwana waludzu. Mankhwala ophera anankafumbwe m'chimanga, opopera thonje ndi ndiwo zamasamba, ophera makoswe, ngakhalenso mapiritsi a agogo osiyidwa pansi pa mphasa, zonsezi malo ake ndi pamwamba pamene mwana sangafike ngakhale atakwera pa mpando. Mwana akamwa palafini asakakamizidwe kusanza, chifukwa posanzapo palafiniyo amalowa m'mapapo nayambitsa chibayo choopsa. Atengedwe msanga kupita kuchipatala pamodzi ndi botolo kapena paketi ya chimene wamezacho, kuti adokotala adziwe chochita. Mtedza wathunthu, chimanga chokazinga, ndalama zachitsulo ndi mabatire ang'onoang'ono a m'mawotchi zimatsamwitsa. Mwana wotsamwa amene akulephera kutsokomola kapena kulira agonekedwe chafufumimba pa miyendo ya munthu wamkulu, mutu uli chapansi, amenyedwe ndi chikhatho pakati pa mapewa kasanu mwamphamvu. Kupisa chala kukhosi mosaona kumangokankhira chinthucho mkati.

Komabe, malo angakonzedwe bwanji, sangalowe m'malo mwa maso a munthu, ndipo apa mpamene pagona nkhani yaikulu. Ngozi zambiri za ana zimachitika akuluakulu ali pafupi. Mayi akuganiza kuti mwana ali ndi apongozi, apongozi akuganiza kuti watsatira azakhali ake, azakhali akuganiza kuti ali ndi anzake kuseri kwa nkhokwe. Aliyense wamuona posachedwapa, koma palibe amene akumuona tsopano. Mankhwala a vuto limeneli ngapafupi ndipo safuna ndalama: mwana aziperekedwa ndi pakamwa, kwa munthu mmodzi womutchula. Mayi asanapite kumjigo anene kuti, "Amayi, ndikupita kukatunga madzi, mwanayu ndakusiyirani inu," ndipo asachoke mpaka apongoziwo atayankha kuti, "Ndamva mwananga, pitani." Akabwerako anenenso kuti, "Ndabwera amayi, ndamulandira." Ena angati uku nkuchulutsa gaga m'diwa, koma mawu amenewa ndiwo amachititsa kuti pa mphindi iliyonse ya tsiku pakhale munthu amene angayankhe akafunsidwa kumene kuli mwana.

Munthu wolandira mwanayo ayenera kukhala wamkulu. Kamtsikana ka zaka 7 kangathe kusewera ndi mng'ono wake ndi kumusangalatsa, koma sikangasenze udindo wa moyo wake. Anzake akayamba fulaye kapena phada mtima wake uli komweko, ndipo mwana akagwera m'madzi sikadziwa chochita. Kuonjezera apo, mtsikana wojombetsedwa kusukulu kuti alere mng'ono wake akulipira mtengo umene si wake. Abambo nawonso ali ndi gawo lawo. Bambo amene wakhala pakhonde kumvera wailesi pamene mkazi wake akuphika angathe kunena kuti, "Mayi, phikani mosadera nkhawa, mwanayu ali ndi ine," namuchotsa kufupi ndi moto pa ola lenileni limene ngozi zimakonda kuchitika. Sukulu za mmera mpoyamba, zimene ambiri amazitcha za mkombaphala, zimalandira makamaka ana oyambira zaka zitatu, kotero kuti ocheperapo amatsala m'makomo. M'midzi ndi m'matauni momwe, amayi oyandikana nyumba angathe kupangana zosinthana, mmodzi kutsala ndi ana atatu kapena anayi pamene anzake apita kuchigayo kapena kumsika. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kodi tsono mwana azingotsekeredwa pakhomo kapena kuberekedwa tsiku lonse kuti asaone ngozi? Iyayi. M'chaka cha 2019 bungwe la WHO lidatulutsa malangizo onena kuti mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri azikhala ndi maola osachepera atatu pa tsiku oyendayenda ndi kusewera, ndiponso kuti asamangidwe malo amodzi, ngakhale pamsana pa womulera, kupitirira ola limodzi nthawi imodzi. Miyendo imalimba ndi kuyenda, ndipo nzeru imakula ndi kuona. Ulendo wa kumsika, kutchalitchi, kumzikiti kapena kwa agogo ndi sukulu yeniyeni kwa mwana wotere, pakuti kumeneko amaona mbuzi, njinga, tomato ndi nkhope zachilendo, namva mayina a zonsezi. Chofunika nkudziwa nthawi yomutsitsa ndi nthawi yomubwezera kumbuyo.

Misika yambiri yotchuka ili m'mphepete mwenimweni mwa msewu waukulu wa M1, monga wa Lizulu ku Ntcheu ndi wa Jenda ku Mzimba, kumene malole ndi mabasi amadutsa pafupi ndi milu ya kabichi ndi mbatata. Mayi akamanenerera mtengo kapena kuwerenga chenji, manja ake onse awiri ndi maso ake omwe ali pa ntchito. Imeneyi ndiyo nthawi yoti mwana akhale pamsana. Mwana wa zaka ziwiri sangathe kuyeza liwiro la galimoto, ndipo ngwamfupi moti woyendetsa samuona akatulukira kuseri kwa minibasi yoima. Poyenda naye m'mbali mwa msewu, wamkulu agwire pa mkono wa mwana, pakuti tizala timapulumuka mosavuta, ndipo mwanayo akhale mbali ya kutali ndi msewu. Popeza magalimoto m'Malawi amayenda kumanzere, woyenda pansi ayende kumanja kuti aziona galimoto imene ikubwera kutsogolo kwake. Potsika minibasi, mwana asatsitsidwe yekha poyamba pamene mayi akulimbana ndi katundu ndi kondakitala.

Kabaza nayenso ali ndi zake. Pa njinga yakapalasa, phazi la mwana wokhazikidwa pa keliyala limalowa m'masipoko, ndipo bala lake limachedwa kupola. Pa njinga yamoto, paipi ya utsi imaotcha mwendo, nsonga ya chitenje ingathe kukodwa m'gudumu, ndipo mwana woberekedwa kumbuyo alibe chipewa choteteza mutu. Pamene pali njira ina yoyendera, ndi bwino kuisankha. Pamene palibe, mayi ali ndi ufulu wonse wouza wakabaza kuti, "Achimwene, yendetsani pang'onopang'ono, ndili ndi mwana," ndi kutsika ngati sakumvera.

Pali maulendo ena osakanika, monga a kumaliro ndi kuukwati. Kumeneku nkumene vuto la anthu ambiri lija limakula. Amayi ali kophika, miphika ikuluikulu ya nsima ndi madzi owira ili pansi, anthu akulowa ndi kutuluka, ndipo ana akungozungulira pakati pa miyendo. Chakudya chimapsa mochedwa, ndipo usiku anthu amagona pa siwa kapena panja popanda chowateteza ku udzudzu. Mwana amene kwawo amagona m'masikito usiku uliwonse angathe kutenga malungo pa usiku umodzi womwewo, nayamba kutentha thupi patapita sabata imodzi kapena ziwiri, makolo ataiwala kale za ulendowo. Ngati nkotheka mwana atsale ndi wachibale wamkulu. Ngati apita nawo, masikito alowe m'chikwama, ndipo mayi asanalowe m'gulu la ophika apereke mwanayo ndi pakamwa kwa munthu mmodzi amene sali pa ntchito ina.

Ulendo uliwonse umafuna kamba. M'chikwama cha mwana muyenera kukhala madzi owiritsa kapena othira mankhwala a klorini m'botolo lotseka bwino, kapu yakeyake, ndi chakudya chosavuta kunyamula monga nthochi, mbatata yophika, dzira lophika kapena chigumu. Mukhalenso zovala zosinthira, kachidutswa ka sopo, kabuku ka kusikelo ndi paketi ya Thanzi ORS. Madzi ndi zakumwa za m'mapepala zogulitsidwa pa depoti sizidziwika kumene zidatungidwa. Mliri wa kolera umene udayamba m'chaka cha 2022 nupitirira mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo udaphunzitsa aliyense kuti madzi ooneka oyera angathe kukhala ndi imfa. Chimbudzi cha mwana chili ndi tizilombo monga cha munthu wamkulu, choncho chitayidwe m'chimbudzi chokumba ngakhale pa ulendo, ndipo womusamalira asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya.

Nkhani ya kamba ikufikitsa pa chakudya cha tsiku ndi tsiku, pakuti apanso mwana wotsika kumbuyo amataya chitetezo. Mimba yake njaing'ono, yokwana pafupifupi kapu imodzi ya tiyi pa nthawi imodzi, pamene thupi ndi ubongo zikukula mofulumira. Kudya kawiri pa tsiku monga amachitira akuluakulu sikumukwanira. Ayenera kudya katatu kapena kanayi, kuonjezera zokhwasula kamodzi kapena kawiri, ndi kupitiriza kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Phala lamadzimadzi la ufa woyera limadzaza mimba popanda kumanga thupi. Phala labwino ndi la mgaiwa, lolimba moti silikhuthuka lokha pa supuni, lothira nsinjiro, usipa wosinja, dzira, masamba osinja kapena kasupuni ka mafuta. Phala la Likuni, limene lidatenga dzina ku Likuni kufupi ndi Lilongwe, limatsata nzeru yomweyi yosakaniza chimanga ndi soya. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Zambiri mwa izi zili pakhomo pomwepo, monga bonongwe, nkhwani, nandolo, mapapaya ndi mango. Mwana akhale ndi mbale yakeyake, chifukwa m'mbale ya onse akulu ake amatha ndiwo iye akali kulimbana ndi mbamu yoyamba, natsala ndi nsima ya msuzi wokha.

Zotsatira za kudya mosakwanira zimaoneka m'chiwerengero. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa chaka cha 2010 adapeza kuti ana 47 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu adali opinimbira, ndipo wa 2015 mpaka 2016 adapeza ana 37 mwa 100. Kupinimbira kumayamba makamaka mwana asanakwanitse zaka ziwiri, ndipo pambuyo pake nkovuta kukubweza. Sikukhudza msinkhu wokha, kumakhudzanso kaphunziridwe ka mwana akadzayamba sukulu. Matenda otupikana, amene madokotala amawatcha kwashiorkor, ali ndi dzina lophunzitsa. Dr. Cicely Williams, amene adagwira ntchito ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, m'zaka za m'ma 1930, adatenga liwuli ku chiyankhulo cha Ga, ndipo limanena za nthenda imene imagwira mwana wamkulu pamene mng'ono wake wabwera. Nkhani yake njodziwika kunonso. Mayi akazindikira kuti ali ndi pathupi, amaletsa mwana kuyamwa tsiku limodzi, mwina popaka tsabola kubere, namutumiza kwa agogo. Mwanayo wataya bere ndi amake nthawi imodzi, ndipo chilakolako cha chakudya chimatha. Mayi woyembekezera wathanzi angathe kupitiriza kuyamwitsa, ndipo kuletsa kuyenera kuchitika pang'onopang'ono. Chabwino koposa nkudikira zaka ziwiri mwana atabadwa asanatenge pathupi pena, monga a zakulera amalangizira.

Makolo ambiri amadandaula kuti mwana wawo akukana kudya. Ndi bwino kudziwa kuti m'chaka chachiwiri mwana sakula mofulumira ngati m'chaka choyamba, ndipo maso ake ali pa masewera. Kumugwira manja ndi kumutsina mphuno kuti ameze phala nkoopsa, chifukwa phalalo lingalowe m'mapapo. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Wodyetsa akhale naye pansi, amulole kugwira supuni kapena kudya ndi manja osambitsidwa, amuyamikire akadya, ndipo chakudya chimene wakana lero achiyesenso tsiku lina. Zotsekemera za m'mapaketi zisaperekedwe chakudya chisanafike, pakuti zimatseka njala. Koma mwana amene akukana chilichonse, akuonda kapena akutupa mapazi, ameneyo ngodwala ndipo afunika kuonedwa kuchipatala.

Mwa maulendo onse, umene umasiyidwa msanga ndi wa kusikelo. Amayi ambiri amapita mokhulupirika mpaka mwana atalandira katemera wa chikuku wa miyezi 9, kenaka amaona ngati ntchito yatha. Komatu pali katemera wachiwiri wa chikuku pa miyezi 15. Pali vitamini A woperekedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse mpaka zaka zisanu, ndi mankhwala a njoka za m'mimba kuyambira chaka chimodzi, amene ngofunika kwambiri kwa mwana wosewera m'dothi. Pa 23 Epulo 2019 dziko la Malawi lidakhala loyamba pa dziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera m'sikelo, m'maboma 11 monga Karonga, Mchinji, Mangochi ndi Nsanje. Katemerayu adakonzedwa kuti aziperekedwa kanayi, pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22, ndipo wachinayiyo ndiye amene ana ambiri amamuphonya, chifukwa amafika pamene makolo adaleka kale kupita kusikelo. M'mwezi wa Febuluwale 2022 boma lidalengeza kuti mwana wa zaka zitatu ku Lilongwe adapezeka ndi poliyo, nthenda imene idali isanaonekenso m'dziko muno kuyambira 1992. Ichi chidakumbutsa anthu kuti nthenda zakale zimabwerera pamene katemera wanyalanyazidwa. Kusikelo nkumenenso mwana amayezedwa kulemera ndi kukula kwa mkono, ndipo mzere wa m'kabuku ukaleka kukwera, alangizi amaona vuto diso la mayi lisanalione.

Pali zizindikiro zimene sizidikira tsiku la sikelo. Mwana akatentha thupi ayezedwe malungo pasanathe tsiku limodzi, kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi. Akatsegula m'mimba apatsidwe ORS, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi aukhondo, pamodzi ndi mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo apitirize kuyamwa ndi kudya. Mwana wa chaka chimodzi kapena kupitirira amene akutsokomola napuma ka 40 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi angakhale ndi chibayo. Ndipo amene akulephera kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka, ali lefu osadzuka bwino, kapena chifuwa chikulowa mkati popuma, atengedwe nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku.

Chotsala ndi khalidwe, limene limatopetsa makolo tsiku ndi tsiku kuposa matenda. Pakati pa chaka ndi theka ndi zaka zitatu, mwana amayamba kudziwa kuti ali ndi zofuna zakezake, koma mawu ozinenera ngochepa. Ndiye amadzigwetsa pansi pakati pa msika kapena m'tchalitchi, nalira mpaka anthu onse kutembenuka. Kawirikawiri gwero lake ndi njala kapena tulo, pakuti mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amafuna kugona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana. Ulendo wokonzedwa mwana atadya ndi kugona umayenda bwino. Akayamba kuvuta, womulera amunyamule modekha, amuchotse pagulu, adikire kuti mkwiyo uzizire. Kumuopseza kuti adokotala amubaya jakisoni kumamuphunzitsa kuopa malo amene ayenera kumuthandiza. Kumupatsa foni kuti atonthole kumagwira ntchito lero, koma malangizo aja a 2019 amati mwana wa chaka chimodzi asamaonere zithunzi za pa foni kapena pa kanema, ndipo wa zaka ziwiri asapitirire ola limodzi pa tsiku. Chimene chimachepetsa kulira kotereku ndi mawu. Mwana amene amayankhulidwa panjira, kuuzidwa kuti iyi ndi ng'ombe, uwu ndi mtengo wa mango, awa ndi agogo, amafika msanga polumikiza mawu awiri monga "amama madzi," ndipo akatha kunena chimene akufuna, kudzigwetsa kumachepa.

Zaka ziwiri zimenezi nzotopetsa, ndipo mayi amene akuti watopa sakunama. Afunika omulandira, ndiwo bambo, agogo, alamu ndi anansi. Banja lililonse lingayambe madzulo ano ndi ntchito ya mphindi zochepa: munthu wamkulu agwade pabwalo ndi m'nyumba kuti maso ake afanane ndi msinkhu wa mwana, aone zimene mwanayo amaona. Adzapeza botolo pansi pa bedi, ndowa kuseri kwa chitseko, mpeni pa mphasa, ndi dzenje limene aliyense adalizolowera. Akatha apo atsegule kabuku ka kusikelo aone tsiku lomaliza limene lidalembedwamo. Ndipo mawa m'mawa, mayi asanasenze khasu kapena dengu, a pakhomopo agwirizane za munthu amene ayambe kulandira mwana, amutchule dzina, iye avomere.